Kompyuta Yosewerera Magemu Yotsika Mtengo mu Harare: Njira Zimene Woyamba Kumene Angasankhepo

Malangizo ambiri ogulira kompyuta yosewerera magemu amene amapezeka pa YouTube amakonzedwa ndi anthu okhala m'mayiko amene magetsi sazimazima, katundu akavuta amabwezedwa kusitolo popanda mkangano, ndipo mtengo umene kampani yalengeza ndi womwewo umene wogula amalipira. Ife okhala mu Harare, kaya ndi ku Mufakose, ku Mbare, ku Highfield kapena ku Dzivarasekwa, zitatu zonsezi sitingazidalire, choncho kompyuta imene ili yoyenera kwa mnyamata wa ku London ikhoza kusanduka mtolo kwa mwana wa kuno. Nkhani ino ndi ya munthu amene sanagulepo kompyuta yotereyi, amene akufuna kuigula yolumikizalumikiza kale, ndipo ndalama zake n'zowerengeka. Kawirikawiri amakhala kholo limene mwana wakhala akulichonderera, kapena wachinyamata amene wasunga madola pang'onopang'ono kuchokera ku maganyu.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira kuti muziwerenga zotsatirazi mukudziwa kumene ndapendekera. Kwa anthu ambiri a mumzinda uno, kompyuta yabwino ndi imene yalumikizidwa pa sitolo ya konkuno ndi zipangizo zatsopano zodziwika mayina, yokhala ndi khadi lojambula zithunzi lapakatikati losadya magetsi ambiri, ndipo gawo lina la ndalama lisungidwe kuti ligulire zotetezera kompyutayo ku magetsi athuwa. Njira zinazo zili ndi eni ake, ndipo ndifotokoza amene zikuwayenera, koma zonse ndaziyeza ndi mafunso awiri: kodi kompyutayi ikawonongeka ikakonzedwa kuti, nanga magetsi akazima ichita bwanji?

Zimene ziyenera kudziwika musanalowe m'sitolo

Chipangizo chimene chimalamula mmene gemu ionekere ndi khadi lojambula zithunzi, limene ogulitsa amalitchula kuti graphics card kapena GPU. Mukamva mtengo wa kompyuta, funso loyamba likhale dzina lonse la khadi limeneli, osati kampani yokha kapena kuchuluka kwa magigabayiti ake. Pali makhadi monga GT 710 ndi GT 730 amene amagulitsidwa atalembedwa "4GB" ndi zilembo zikuluzikulu, koma anapangidwira kungoonetsa zinthu za mu ofesi, ndipo gemu ya mpira ya EA Sports FC singayende bwino pa makhadi amenewa. Gemu imeneyi, imene inalowa m'malo mwa dzina la FIFA mu 2023 ndipo ndiyo ambiri a kuno amagulira kompyuta, imafuna khadi losachepera GTX 1050 Ti kapena RX 570, ndi malo osungira okwana 100GB. Amenewo ndi malire a pansi penipeni, ongoti gemuyo itseguke.

Makhadi amene ndikuwaona kuti ndi oyenera woyamba kumene ndi ochepa. RX 6600 ya AMD inatuluka mu 2021, ili ndi 8GB ndipo imadya mawati 132. RTX 3060 ya Nvidia, yachaka chomwecho, ili ndi 12GB koma imadya mawati 170. RTX 4060 ya mu 2023 ili ndi 8GB, imadya mawati 115 okha, ndipo Nvidia inailengeza pa madola 299. RTX 5060 imene inabwera mu 2025 inalengezedwa pa mtengo womwewo koma imafuna mawati 145. Intel nayo inatulutsa Arc B580 kumapeto kwa 2024 pa madola 249, yokhala ndi 12GB, ngakhale kuti imadya mawati 190 ndipo simagwira bwino ntchito ikaikidwa mu kompyuta yakale. Mitengo ndatchulayi ndi ya ku America pa tsiku lotulutsa. Ikamafika kuno yakwera kale ndi ndalama zonyamulira, msonkho ndi phindu la wogulitsa. Makhadi onsewa amayendetsa magemu ambiri pa sikirini ya 1080p (nambalayi imasonyeza kuoneka bwino kwa chithunzi), ndipo woyamba kumene alibe chifukwa chofunira sikirini yoposa pamenepo.

Pa processor, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa, chifukwa tinazolowera kuganiza kuti Core i7 nthawi zonse imaposa Core i5, ndipo i5 imaposa i3. Zimenezi n'zoona pokhapokha zonse zikakhala za m'badwo umodzi. Manambala otsatira dzinalo ndi amene amaulula zaka: Core i7-2600 ndi ya mu 2011, i7-3770 ndi ya mu 2012, i7-4770 ndi ya mu 2013, pamene Core i3-12100 ndi ya mu 2022 ndipo imaziposa zitatu zonsezo kutali. Wogulitsa akangonena kuti "ndi i7" osatchula manambala, m'pempheni mwaulemu kuti akuonetseni pa sikirini. Ma processor otsika mtengo amene sangakukhumudwitseni ndi Ryzen 5 5600 ndi Core i5-12400F. Chilembo F chakumapeto chimatanthauza kuti processor ilibe mphamvu yojambula zithunzi payokha, kotero khadi likafa sikirini imangoti bii mpaka mutapeza lina.

RAM, mmene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwirapo ntchito, ikhale 16GB, ndipo ndi bwino ikhale timitengo tiwiri ta 8GB kusiyana ndi kamodzi ka 16GB, popeza tikakhala tiwiri processor imawerenga mbali ziwiri nthawi imodzi. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chakumapeto kwa 2025 chifukwa makampani a AI anayamba kugula zochuluka, ndiye musadabwe kuona ogulitsa akuchepetsa pamenepa kuti mtengo wa kompyuta uoneke wotsika. Chosungira zinthu chikhale SSD yosachepera 500GB, ndipo 1TB ndi yabwino koposa. Hard disk yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira imawerenga pafupifupi 150MB pa sekondi, SSD wamba imafika 550MB, pamene ya mtundu wa NVMe imatha kupitirira 3,000MB. Pomaliza pali power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, kamene ogula saakafunsa ndipo ogulitsa osakhulupirika amadziwa zimenezo. Ikakhala yopanda dzina, ikhoza kupsa n'kupsetsanso khadi ndi motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Funani ya kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ya mawati 550 kapena kuposerapo, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze.

Kompyuta ya mu ofesi yowonjezeredwa khadi

Njira yotsika mtengo kuposa zonse, imenenso yadzaza m'timasitolo ta m'tauni, pa Facebook Marketplace ndi m'magulu a WhatsApp, ndi kompyuta yakale ya mu ofesi monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre, imene wina waiikamo khadi n'kuitcha yamagemu. Makompyuta amenewa anapangidwa molimba kuti azigwira ntchito tsiku lonse kwa zaka zambiri, ndipo sindikuwanyoza. Kwa mwana amene akufuna Minecraft, Roblox, Dota 2, eFootball kapena GTA V yakale ija ya mu 2015, komanso kulemberapo ntchito za kusukulu, kompyuta yotere ikhoza kukwanira ndithu.

Mavuto ake amaonekera pakapita miyezi. Ambiri mwa makompyutawa ali m'mabokosi opyapyala, okhala ndi power supply ya mawati apakati pa 180 ndi 260, imene mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha, kotero simungangoichotsa n'kuikamo ina yogula pasitolo. Zikatero makhadi amene angalowemo ndi aafupi okhaokha, osafuna waya wapadera wa magetsi, monga GTX 1650 ya mu 2019, RX 6400, kapena RTX 3050 ya 6GB imene inatuluka mu 2024 ndipo imadya mawati 70. Chenjerani ndi dzina lomalizali, chifukwa pali RTX 3050 ina ya 8GB imene ili yamphamvu kuposa ya 6GB, ndipo ngakhale ya 8GB yomweyo imagonja moonekeratu kwa RX 6600. Munthu akagula kompyuta ya mtundu uwu wafika kale pamapeto a msewu: tsiku limene adzafune khadi lokulirapo adzayenera kugula kompyuta ina yathunthu.

Vuto lachiwiri ndi la Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wotsatira, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Alipo akatswiri amene amaikakamiza Windows 11 pa makompyuta akale ndipo imayenda, koma magemu ena a pa intaneti amafufuza okha chitetezo chimenechi pofuna kuletsa obera. Valorant pa Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot, ndipo Battlefield 6 ya mu 2025 sitseguka popanda Secure Boot. Choncho ngati mwasankha njira imeneyi, musatsike pansi pa Core i5-8500, ndipo sankhani ya bokosi lalikulu loimirira m'malo mwa lopyapyala.

Pali mtundu wina wa njira yomweyi umene ndimaudandaula kwambiri. Wina amatenga zipangizo za mu 2012 kapena 2013, n'kuziika m'bokosi latsopano lagalasi lokhala ndi mafani owala mitundumitundu, n'kuwonjezera RX 580 yogwiritsidwapo kale ntchito, kenaka n'kuika mtengo woyandikira wa kompyuta yatsopano. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. RX 580 inali khadi labwino pa nthawi yake, mu 2017, koma imadya mawati 185, ndipo ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku yokumba ndalama za pa intaneti mpaka mu September 2022, pamene Ethereum inasintha kachitidwe kake ndipo eni ake anawathira pamsika. Si onse amene ali otha, koma woyamba kumene sangathe kusiyanitsa labwino ndi lotopa. Ndiponso magemu ena atsopano, monga Doom: The Dark Ages ya mu 2025, amafuna khadi lotha kuchita ray tracing (njira yapadera yojambulira kuwala ndi mithunzi), zimene RX 580, GTX 1060 ndi GTX 1650 sizingachite. Nvidia nayo inasiya kutulutsira makhadi a GTX 900 ndi GTX 10 mapulogalamu owakonzekeretsa magemu atsopano mu October 2025.

Yolumikizidwa pa sitolo ya konkuno

Iyi ndi njira imene ndikuikonda, ngakhale kuti imafuna ndalama zochulukirapo poyamba. M'tauni komanso m'misika ikuluikulu ya kumpoto kwa mzinda muli masitolo amene amalumikiza okha makompyuta kuchokera ku zipangizo zatsopano, ena amakhala nawo okonzeka pa shelefu, ena amalumikiza mukalipira. Ubwino wake waukulu ndi woti chipangizo chilichonse chili cha muyezo wofanana ndi wa dziko lonse, kotero power supply ikafa mumagula ina paliponse, RAM ikachepa mumawonjezera, ndipo pakatha zaka zitatu mukhoza kusintha khadi lokha n'kusiya zina zonse. Ubwino wachiwiri ndi woti munthu amene anaigulitsa mumamudziwa nkhope ndi khomo lake, ndipo mutha kukwera kombi n'kukamupeza.

Kompyuta ya mtundu uwu imene ndingaitchule yokwanira ndi yokhala ndi Ryzen 5 5600 kapena Core i5-12400F, RAM ya 16GB, SSD ya NVMe, ndi RX 6600, RTX 3060 kapena RTX 4060, malinga ndi chimene chikupezeka pa mtengo wabwino sabata imeneyo. Ena adzakuuzani kuti Ryzen 5 5600 imakhala pa motherboard ya AM4, imene inayamba mu 2016, ndipo n'kwanzeru kupita ku AM5 ya mu 2022 yogwiritsa ntchito RAM ya DDR5. Mfundoyo ili ndi mutu kwa munthu amene akufuna kudzasintha processor m'tsogolo. Koma ndalama zikakhala zochepa, madola amene mungawonjezere pa motherboard ndi RAM yatsopano amabweretsa phindu looneka msanga akaikidwa pa khadi, chifukwa khadilo ndi limene maso anu aziona tsiku lililonse.

Chofooka cha njira imeneyi n'chakuti ubwino wa kompyutayo umadalira chilungamo cha woilumikiza. Malo amene amabisapo phindu ndi atatu: power supply yopanda dzina, kamtengo kamodzi kokha ka RAM, ndi khadi logwiritsidwapo kale ntchito logulitsidwa ngati latsopano. Mankhwala ake ndi kupempha mndandanda wolembedwa wa zipangizo zonse, dzina ndi nambala yake, ndi kupempha makatoni amene zinabweramo. Wogulitsa wolongosoka sakhumudwa ndi pempho lotere. Funsaninso ngati waranti ndi ya kompyuta yonse kapena ya chipangizo chilichonse payokha, ndi miyezi ingati, komanso ngati imagwira pa zowonongeka ndi magetsi, chifukwa kawirikawiri sigwira. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya mu 2019, koma munthu wopanda lisiti alibe poyambira dandaulo lake.

Kuitanitsa ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja

Ambiri a ife tili ndi achibale ku Johannesburg, ndipo masitolo a ku South Africa monga Evetech ndi Wootware amagulitsa makompyuta amagemu olumikiza kale, olembedwa bwino chipangizo chilichonse, pa mitengo imene nthawi zambiri imakopa. Kumeneko kulinso makompyuta a makampani akuluakulu, monga HP Victus, Lenovo LOQ ndi Acer Nitro. Magetsi a kumeneko ndi a mphamvu yofanana ndi athu, chosiyana ndi pulagi yokha, ya mano ozungulira m'malo mwa athyathyathya, ndipo chingwe chake chimasinthidwa mosavuta.

Koma mtengo wa pa intaneti suli mtengo womaliza. Muwonjezerepo ndalama ya wonyamula, ndi zimene bungwe la misonkho la ZIMRA lingafune pa chipata cha Beitbridge, zimene muyenera kufunsa musanalipire katunduyo osati atafika kale pamalire. Kenaka ganizirani ulendo wa makilomita oposa 1,000 m'basi kapena m'ngolo yake. Khadi lolemera likasiyidwa lili chilumikizire, kugwedezeka kwa pamsewu kukhoza kuthyola polowera pake pa motherboard, choncho liyenera kuchotsedwa n'kunyamulidwa m'katoni yakeyake, ndipo izi zikutanthauza kuti kunyumba kufunika wina wodziwa kulibwezeretsa. Chachikulu koposa ndi waranti. Ilipo ndithu, koma ili ku South Africa, ndipo kompyuta ikavuta mwezi wachitatu iyenera kuwolokanso Limpopo kawiri pa ndalama zanu. Njira iyi ikuyenera munthu amene amapita yekha kumeneko kawirikawiri. Za kuitanitsa ku America kapena ku China ndingonena mwachidule kuti woyamba kumene azipewe. Ndipo ngati wachibale wakutumizirani kompyuta yakale kuchokera ku America, yang'anani kumbuyo ngati kuli kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230, mukaike pa 230 musanalowetse pulagi m'khoma.

Kompyuta yopanda khadi

Pali ma processor a AMD okhala ndi chilembo G kumapeto, monga Ryzen 5 5600G ya mu 2021 ndi Ryzen 5 8600G ya mu 2024, amene amajambula okha zithunzi mwamphamvu yokwanira magemu opepuka. Palinso timakompyuta tating'ono totha kukwana m'chikwama, ta makampani monga Beelink ndi Minisforum, tokhala ndi Radeon 780M m'kati mwa processor. Anthu okonda magemu amanyoza njira imeneyi, koma ine ndikuona kuti m'nyumba zambiri za mu Harare ndi yanzeru kuposa mmene imaonekera. Magemu monga Valorant, Dota 2, Minecraft ndi Fortnite amayenda mukatsitsa kukongola kwa zithunzi, magetsi amene imadya ndi ochepa kwambiri, ndipo ngati mwagula ya bokosi lalikulu yokhala ndi power supply yabwino, mukhoza kudzawonjezera khadi chaka chamawa ndalama zikapezeka. Timakompyuta tating'ono tija tilibe mwayi umenewo. Pa njira iyi timitengo tiwiri ta RAM n'tofunika koposa, chifukwa processor imabwereka RAM yomweyo pojambula zithunzi, ndipo kamtengo kakakhala kamodzi liwiro la gemu limatsika kwambiri. Amene mtima wake uli pa magemu akuluakulu atsopano asadzinamize, njira iyi simukwanira.

Laputopu, ndi mawu ochepa pa PlayStation

Laputopu yamagemu imabwera ndi sikirini, kiyibodi ndi batire, ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi sizima nawo limodzi. Kwa wophunzira wa ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Polytechnic amene akufuna chipangizo chimodzi cha kukalasi ndi chosewerera, palibe njira ina yoposa iyi. Komabe zinthu zitatu ziyenera kudziwika. Ikachoka pa chaja imadzichepetsera yokha mphamvu ndipo batire silikhalitsa pa gemu, motero sikuti muzisewera usiku wonse magetsi atazima. Khadi lake silisinthika, ndipo likafa ndiye kuti motherboard yonse yafa. Ndiponso dzina la khadi la mu laputopu silinena zonse: RTX 4050 kapena RTX 4060 ya mu laputopu imaloledwa kudya mawati kuyambira 35 mpaka 115 malinga ndi mmene kampani yaikonzera, kotero malaputopu awiri olembedwa dzina limodzi akhoza kusiyana kwambiri liwiro. Kutentha kwa mu October ndi fumbi la m'chilimwe zimavutitsanso laputopu kuposa kompyuta ya bokosi, popeza mipata yake yopumira ndi yaing'ono.

Ngati cholinga ndi mpira wokhawokha ndi anzanu pabalaza, popanda za sukulu kapena ntchito, PlayStation 5 kapena Xbox Series S, zonse za mu 2020, zikhoza kukupulumutsani ku mutu wonsewu. Kompyuta imapambana chifukwa imagwiranso ntchito zina, ndipo magemu ake ambiri otchuka a pa intaneti ndi aulere.

Magetsi ndiwo amagamula

Aliyense wa kuno akukumbukira kumapeto kwa 2022 ndi chilala cha mu 2024, pamene madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba anatsika ndipo madera ambiri ankakhala maola ochuluka a tsiku opanda magetsi, ngakhale kuti makina awiri atsopano opanga magetsi a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023. Chimene chimawononga kompyuta si kuzima kokha, komanso kubwera kwa magetsi mwamphamvu pambuyo pake, ndi ziphaliwali za m'nyengo yamvula zimene zimatha kulowera pa waya wa magetsi ngakhalenso wa intaneti. N'chifukwa chake ndikunena kuti ndalama zonse zisathere pa bokosi.

Chofunika choyamba ndi chotetezera pa soketi, cha mtundu umene umadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri n'kudikira kanthawi asanawalowetsenso, monga timatetezera firiji. Chachiwiri ndi UPS, bokosi la batire limene limapatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima. Apa pali msampha wa manambala: UPS imalembedwa mu VA, osati mawati, ndipo yolembedwa 650VA nthawi zambiri imanyamula mawati pafupifupi 360 okha. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zotsekera kompyuta mwadongosolo, osati kupitiriza masewera. Kwa kompyuta yokhala ndi khadi, UPS ya 1,000VA kapena kuposerapo ndi imene ili ndi mpata wokwanira.

Amene ali ndi inverter ndi sola kunyumba awerengere motere. Kompyuta ya Ryzen 5 5600 ndi RTX 4060 pamodzi ndi sikirini imadya mawati apakati pa 230 ndi 280 gemu ili m'kati. Batire la 12V 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma likakhala la gel simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndipo inverter nayo imadyapo gawo lake, kotero zotsala zimayendetsa kompyutayo kwa maola pafupifupi awiri, popanda nyali kapena wailesi yakanema. Kakompyuta kopanda khadi, kodya mawati pafupifupi 90 pamodzi ndi sikirini, kangayende maola asanu kapena kuposerapo pa batire lomwelo. Tsopano yerekezani ndi kompyuta yakale ija ya i7-4770 ndi RX 580: processor yake ndi ya mawati 84 ndipo khadi ndi la mawati 185, kutanthauza kuti imadya magetsi ambiri kuposa yatsopano pamene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Apa m'pamene RTX 4060 ndi RX 6600 zimapambanira m'dziko lino. Pa mita ya magetsi ya ZESA, kompyuta ya mawati 250 ikamayaka maola anayi patsiku imatha yuniti imodzi, ndiye kuti mayuniti 30 pamwezi, ndipo ndi bwino mwini nyumba adziwiretu zimenezi, makamaka pamene mabanja angapo akugawana mita imodzi.

Tsiku logula

Musalipire kompyuta imene simunaione ikuyaka, ndipo musatumize ndalama pa EcoCash kwa munthu wa pa Facebook musanaigwire ndi manja. Pitani ndi flash yokhala ndi timapulogalamu taulere tinayi: CPU-Z imaonetsa dzina lenileni la processor ndi chiwerengero cha timitengo ta RAM, GPU-Z imaonetsa khadi ndipo imatha kuzindikira ena achinyengo, CrystalDiskInfo imaulula maola amene SSD yagwira ntchito, ndipo HWMonitor imaonetsa kutentha. SSD yogulitsidwa ngati yatsopano koma ikuonetsa maola masauzande yayankha kale funso lanu. Pemphani kuti gemu iyendetsedwe kwa mphindi 20 kapena kuposerapo mukuyang'ana. Kompyuta yodwala imazima, imatulutsa timizere pa sikirini, kapena mafani ake amalira mopitirira.

Ogulitsa ambiri amakopa anthu ndi mawu akuti adzadzaza kompyutayo ndi magemu aulere. Magemu amenewo amakhala obedwa, salola kusewera ndi ena pa intaneti, ndipo ndi njira yodziwika yolowera mavairasi, zimene zili zoopsa pa kompyuta imene makolo azilowerapo ku banki. Magemu ovomerezeka amagulidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi khadi la Visa kapena Mastercard la madola, ndipo Counter-Strike 2 ndi Dota 2 ndi aulere, komanso ali ndi maseva ku South Africa, zimene zimachepetsa kuchedwa. Vuto limakhala pa kuwatsitsa, popeza Counter-Strike 2 yokha imafuna malo okwana 85GB, ndipo pa bandulo ya foni imeneyo ndi ndalama yambiri. Amene alibe fibre ya Liquid kapena TelOne, kapenanso Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'dziko lino mu September 2024, angachite bwino kunyamula kompyuta kupita nayo kwa mnzake amene ali nayo kuti akatsitse zazikuluzo kamodzi.

Kumbukiraninso kuti mtengo wa bokosi nthawi zambiri suphatikiza sikirini, kiyibodi, mausi ndi zomvera kukhutu. Sikirini ya mainchi 24 ya 1080p ndi yokwanira, ndipo ya 100Hz kapena 144Hz, yosintha zithunzi mofulumira, imapindulitsa pa magemu owomberana ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa. Pa lisiti palembedwe dzina ndi serial number ya khadi, processor, SSD ndi power supply, kuti tsiku lobweza pasadzakhale mkangano woti chipangizocho sichinachokere pa sitoloyo. Mukafika kunyumba, ikani kompyuta pa tebulo osati pansi pamene fumbi limasonkhana, ndipo chingwe cha sikirini mulowetse pa khadi, m'munsi mwa bokosi kumbuyo, osati pa motherboard kumtunda, chifukwa chikalowa kumtundako sikirini imakhala yakuda kapena magemu amayenda mokoka ngati kuti khadilo mulibe.